Senti imodzi ya ku Charlotte

Charlotte, Lamulungu, 26 Okutobala 2025

Tiyamike mnzanga,

Kalata yako yafika. Anabwera nayo bambo a Chisomo Lachinayi madzulo, pamodzi ndi kajumbo ka usipa ndi mapaketi awiri a Chombe, ndipo ndinaiwerenga ndili chiimire pakhomo la khitchini, nsapato za kuntchito zikadali kuphazi. Kalembedwe kako sikanasinthe chichokere ku Fomu 2, zilembo zonse zagonera mbali imodzi ngati chimanga chimene mwadutsa mphepo yamkuntho. Ana ako a sukulu amawerenga bwanji pabolodi, iwe? Koma ndinakondwa mpaka misozi. Uthenga wa pa WhatsApp umangobwera n'kupita, pomwe pepala limabwera ndi fungo la kwathu, makamaka ili limene lagona ndi usipa ulendo wonse.

Wandidandaulira kuti ndakhala zii miyezi itatu, ati madola andiiwalitsa anzanga. Pepa mwali. Si madola ayi, ndi senti. Senti imodzi yokha ndi imene yandisowetsa tulo, yandiyambanitsanso ndi mayi a Yamikani moti lero kutchalitchi tangopatsana moni wa m'maso. Khala pansi ndikuuze, chifukwa bambo a Takondwa atopa nayo nkhaniyi. Ndikangoiyamba amatola makiyi n'kumati akukaona mpweya wa matayala.

Kuno mtengo umene waona pashelefu si umene umalipira. Kwathu VAT ya 16.5 peresenti ija imakhala ili kale mumtengo, sumaimva pokhapokha utayang'anitsitsa lisiti. Kuno amakuwonjezera ukafika pa tilu, maso ako akuona. Chinthu cholembedwa madola 100 umapereka 107.25 muno m'boma la Mecklenburg, mmene muli mzinda wa Charlotte ndi timatauni tozungulira. Ndiye pa 4 Novembala kuli riferendamu, inde kapena ayi, kuti msonkho wa zogulawu ukwere kuchoka pa 7.25 kufika pa 8.25 peresenti. Senti imodzi pa dola iliyonse. Akuti pa zaka 30 adzatolera madola pafupifupi 19.4 biliyoni, ndipo pa 100 iliyonse 40 idzapita ku misewu, 40 ku njanji, 20 ku mabasi.

Nditangomva mawu oti riferendamu ndinakumbuka 1993, nyali ndi tambala wakuda, ife tili timbuthu tikuthamangira galimoto za zimkuzamawu, fumbi lili koboo. Ya kuno ilibe nyimbo. Ndi timapepala tongokuponyera m'bokosi la makalata, ndi zikwangwani zozika pakapinga zolembedwa Yes for Meck, zimene akuziyendetsa ndi a mabizinesi akuluakulu kudzera m'bungwe lawo la Charlotte Regional Business Alliance. A meya, mayi Vi Lyles, ali mbali ya inde. A mbali ya ayi, monga a Action NC, alibe chikwama chotere, iwo ndi pakamwa basi, m'misonkhano ndi pa wailesi. Kuvota koyambirira kwayamba kale, anthu akumatuluka m'malaibulale atamata kapepala pachifuwa kosonyeza kuti avota.

Ine kapepala kameneko sindimata. Green card imandilola kugwira ntchito ndi kudula msonkho, koma voti ndi ya nzika zokha. Pa tilu safunsa pasipoti, Tiya. Senti imeneyi ndidzailipira limodzi ndi aliyense, ndipo basi imene akukanganirana anthu oyenda pa galimoto zawo ndi imene ndimakwera ine m'mawa uliwonse, koma pa tsikulo ndidzangoyang'ana anzanga akulowa m'chipinda chovotera. M'basi mwathu m'mawa tilimo ambiri otere. Amayi a ku Honduras opita kokakolopa m'mahotela, anyamata a ku Congo ndi ku Ethiopia ogwira m'mawerehausi. Nkhani ndi yathu, koma okamba ndi ena.

Sindinakufotokozerepo bwino mmene ndimayendera, chifukwa ukanangoti ndikunama, ku America kulibe zotere. Galimoto tili nayo imodzi, ndipo amanyamuka nayo bambo a Takondwa usiku ukadalipo. Ife timakhala kum'mawa kwa mzinda, chakufupi ndi Albemarle Road, pomwe nyumba ya okalamba imene ndimagwirako ili kum'mwera, chaku Pineville. Pa galimoto ndi theka la ola. Ine ndimakwera basi yodutsa Central Avenue mpaka kudepoti ya pakati pa tauni, n'kukwera masitepe kukagwira sitima ya Blue Line mpaka kumathero kwake pa siteshoni ya I-485, kenako basi ina. Zonse zikalumikizana bwino ndi ola limodzi ndi mphindi 40. Ndikaphonya basi yachiwiriyo ndi mphindi ziwiri zokha, ndiye kuti ndaima pamenepo mpaka inzake, ndipo kuntchito mphindi zochedwazo zimalembedwa. Kuno kulibe kabaza woti ungomukodola, kulibenso kondakitala womenya chitseko kuti adalaivala aime akaona mayi akuthamanga.

Siteji yathu ndi kamtengo kachitsulo ndi kachikwangwani, basi. Palibe denga, palibe benchi. Wina anagwetsa chagada kangolo ka mushopu kuti pakhale pokhalira, ndipo pali agogo ena aamuna a ku Vietnam amene amakhalapo m'mawa uliwonse atakumbatira kachikwama ka nkhomaliro. Sitimvana chilankhulo, timangogwedezerana mitu. Sabata yatha kunagwa mvula yozizira, ya mtundu uja umalowa mpaka m'mafupa, ndipo tinafunda ambulera imodzi, iwo atagwira chogwirira, ine nditagwira nsonga kuti mphepo isaitembenuze. Magalimoto akudutsa liwiro, kutiwaza madzi a m'mbali mwa msewu. Ndinafika kuntchito masokosi ali chonyowa, n'kugwira nawo shifiti yonse.

Ndiye ukamva kuti ine ndili mbali ya inde, dziwa kuti si sitima yandikopa. Ndi 20 ya mabasi ija. Alonjeza kuti m'misewu ikuluikulu basi izidzabwera mphindi 15 zilizonse, kuti masiteji pafupifupi 2,000 awakonza, ena aike madenga ndi mabenchi, ndiponso kuti kumalo kumene basi siifika kuzidzayenda timagalimoto toitana pa foni. Zimenezi akuti ziyamba m'zaka zochepa, pomwe njanji zatsopano n'zodikira zaka khumi kapena kuposa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ankatero agogo ako aja a ku Chiradzulu. Ine fodya wanga ndi denga la pa siteji.

Komabe sentiyo yandilowa m'mutu moipa. Ndatenga chitini cha mabisiketi a Khirisimasi yatha, ndikumaponyamo lisiti iliyonse, ndipo usiku Takondwa akagona ndimazitsanulira patebulo n'kumawerengera. Sopo, mafuta odzola, nsapato za mpira zimene phazi lake lazikana patangotha miyezi isanu, jekete la nyengo yozizira, foni imene ndinawatumizira amayi, matayala awiri. A khonsolo akuti banja wamba lizidzawonjezera madola pafupifupi 240 pa chaka, ndipo mabanja opeza zochepa pafupifupi 130. Ukasintha 240 pa mtengo wa kubanki ndi ndalama zoposa K400,000, wa pamsewu usauwerengere n'komwe. Ndikaona nambala imeneyo sindiona sitima ayi, ndimaona matumba a feteleza a amayi, ndimaona fizi ya Mphatso. Usiku wina ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko n'kuyamba kuwerenganso, poopa kuti ndinadumpha lisiti ya matayala.

Chimene chimandipweteka n'choti msonkho wa mtundu uwu sumuona munthu nkhope. Wa ku banki wolandira malipiro a anthu khumi akagula sopo, ine ndikagula sopo yemweyo, senti yathu ndi imodzimodzi. Koma iye ndalama zake zambiri amasunga, pomwe ine pafupifupi zonse zimathera mushopu, ndiye kuti pa zimene timapeza wolemedwa kwambiri ndine. A mbali ya ayi mfundo yawo yaikulu ndi imeneyi, ndipo sindingawatsutse. A inde amayankha kuti zakudya zosaphika sizikwera, mankhwala olemberedwa ndi dokotala ndi mafuta a galimoto sizikhudzidwa, komanso kuti gawo lalikulu ndithu lizidzalipiridwa ndi alendo ndi anthu ochokera maboma oyandikana amene amadzagula muno. N'zoona. Koma munthu sakhala ndi ufa wokhawokha, amafunanso sopo ndi chofunda.

Bambo a Takondwa maganizo awo ndi ena. Iwo akuti anthu ano analipira kale. Ndipo sakunama: mu 1998, nthawi ya meya Pat McCrory, anthu anavomereza theka la senti la mabasi ndi sitima, limene likudulidwabe mpaka lero mkati mwa 7.25 muja. Mu 2007 ena anayesa kulichotsa, koma anthu 70 pa 100 aliwonse anakana, ndipo mwezi womwewo wa Novembala Blue Line inayamba kuyenda. Mu 2018 anaitalikitsa mpaka ku yunivesite ya UNC Charlotte. Lero ndi makilomita pafupifupi 30, masiteshoni 26, tikiti madola 2.20. Pamapepala a nthawi imeneyo panali njira zisanu zotuluka m'tauni, koma patha zaka 27 ndipo sitima yeniyeni ndi imodzi yomweyi, kuphatikizapo ka Gold Line koyenda pamsewu limodzi ndi magalimoto. Ndiye iwo amati, walonjezedwa zisanu wapatsidwa imodzi, lero akubweranso ndi mbale, iwe ukuponyamo? Ine ndimati imodziyo ndi imene imandifikitsa kuntchito. Timathera pamenepo, wina kuchipinda wina kukhitchini.

Sitimayo payokha ndi yabwino, usamve zonena. Ndi ya magetsi, mawaya ali pamwamba, siichita phokoso, zitseko zotseguka zokha. Imadutsa ku South End, kumene akuluakulu a kuntchito amati kale kunali mafakitale otsekedwa ndi mawerehausi. Lero ndi nyumba zosanjikizana zokhazokha, malo omwera mowa, achinyamata othamanga ndi agalu awo m'mbali mwa njanji. Ndikadutsa m'mawa ndimasuzumira pawindo n'kumaona makhonde okhala ndi maluwa. Lendi ya kumeneko sitingaiyandikire ngakhale titaphatikiza malipiro a tonse awiri. Apa ndi pamene mantha anga ena agona. Pulani ikuti Gold Line idzaitalikitsa kutsata Central Avenue mpaka ku Eastland, pamene panali msika waukulu umene unatsekedwa mu 2010, ndipo kumeneko ndi pakhomo pathu penipeni. Njanji ikafika, kodi eni nyumba adzatisiya? Chaka chino chokha atikwezera kale lendi, njanji isanaoneke n'komwe. Mwina ndidzalipira senti zaka khumi kuti sitima ibwere kudzandisamutsa. Walira mvula walira matope, ndikudziwa, koma matope ake asamagwere anthu omwewomwewo.

Pali agogo ena aakazi amene ndimawasambitsa kuntchito, zaka zawo zapitirira 90, mutu ukadali bwinobwino. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi wailesi ikukamba za voti imeneyi, anandigwira dzanja kuti ndisiye kaye. Anandiuza kuti anakulira ku Brooklyn, osati ya ku New York, koma dera la anthu akuda limene linali pakati pa Charlotte, lokhala ndi matchalitchi ake, mashopu ake, sukulu yake. M'ma 1960 mzinda unaligumula lonse m'dzina la chitukuko, mabanja oposa 1,000 n'kubalalika. Anatchula mayina a misewu ndi a anansi awo mmodzimmodzi ngati akuwerenga korona. Kenako anati ndipitirize kupesa. Sanandiuze kuti iwo avota bwanji, inenso sindinafunse. Koma kuyambira tsiku limenelo ndimamvetsa chifukwa chake anthu akuda ambiri a kuno akamva zoti mapulani aakulu akubwera amayamba afunsa kuti asamuke ndani. Paja mu 2014 akatswiri ena a ku Harvard ndi Berkeley anapeza kuti mwa mizinda ikuluikulu 50 ya dziko lino, Charlotte inali yomalizira pa mwayi woti mwana wobadwira mu umphawi adzatulukemo. Anthu sanaiwale, mbali zonse ziwiri zimaitchula nkhaniyi, aliyense kukokera kwake.

Tsopano za mayi a Yamikani. Uyenera kudziwa kaye kuti boma la Mecklenburg silingangokweza msonkho wa zogula palokha, limayenera kupempha chilolezo ku nyumba ya malamulo ya North Carolina ku Raleigh. Anapempha zaka zingapo osapatsidwa, chifukwa akuluakulu a kumeneko amakonda misewu kuposa njanji. Chaka chino ndi pamene lamulo lotchedwa PAVE Act linadutsa, lobweretsedwa ndi phungu Tricia Cotham, bwanamkubwa Josh Stein n'kusainira. Koma linabwera ndi zingwe. Njanji isapitirire 40 pa 100 iliyonse, ndipo yoyamba kumangidwa ikhale Red Line, yopita kumpoto ku Huntersville, Cornelius ndi Davidson, kufupi ndi nyanja ya Norman kumene kuli nyumba za mabwana. Anthu a kumeneko nawonso ali ndi dandaulo lawo, analonjezedwa sitima kalekale, akhala akulipira theka la senti lija zaka zonsezi, koma kampani ya Norfolk Southern inkakaniza njanji yake mpaka mzinda unachita kuigula chaka chatha, madola 91 miliyoni pamodzi ndi malo ena. Ndalama za njanji zitachepa chonchi, china chinayenera kudulidwa. Anadula Silver Line. Imayenera kuchoka kumadzulo, kudutsa chaku bwalo la ndege ndi m'tauni mpaka ku Matthews, koma tsopano ithera pa holo ya masewero ya Bojangles Coliseum, isanafike ku Matthews, ndipo a ku Matthews auzidwa kuti alandira mabasi.

Mayi a Yamikani anagula nyumba ku Matthews zaka zinayi zapitazo, ndipo pa phwando lolowera nyumba anatitengera panja n'kutilozera chakumene siteshoni idzakhale. Ndiwonso yekhayo pagulu lathu la amayi amene ali nzika. Voti yathu tonse ndi imodzi, ili m'manja mwawo. Lamulungu lapitalo titatha mapemphero tinali kudya kwa Anambewe, nsima ili pambale, ine n'kunena mwaulemu kuti, mayi a Yamikani, mukatiponyere inde ifenso oyenda pa basi. Anaika mbamu pansi. Anati, mayi a Takondwa, ine ndilipire senti kuti sitima ipite kwa anthu a maboti ku Cornelius, kwathu kubwere basi? Ngakhale a meya athu a John Higdon akukana. Ine ndinati basi imene mukuinyozayo ena ndi moyo wathu. Iwo anati sananyoze munthu. Ine ndinati n'zosavuta kukana uli ndi galimoto ziwiri pakhomo. Mawu amenewo ndi amene anaononga zonse, Tiya. M'nyumba munangoti zii, kumangomveka supuni ya Anambewe m'mphika wa nyemba. Iwo anasamba m'manja nsima isanathe, n'kuitana Yamikani kuti azipita.

Ndakhala ndikuwatembenuza mawuwa sabata yonse. Galimoto ziwirizo anazipeza ndi mashifiti ausiku zaka 15, ndikudziwa bwino, ndi omwewo amene anandilandira pa bwalo la ndege ndi jekete m'manja, ndi omwewo anandipezera ntchito yoyamba. Ndipo pa za Matthews akunena zoona, analonjezedwa, anakonzekera, kenako anawachotsa pamndandanda. Koma nanenso sindinaname. Voti ya ayi ikapambana, iwo mawa lake adzalowa m'galimoto monga mwa masiku onse, pomwe ine ndi agogo a ku Vietnam tidzabwerera pa kangolo kathu, ndipo palibe akudziwa kuti a ku Raleigh adzalolanso liti. Ndawalembera uthenga katatu n'kufufuta katatu. Iwe umawadziwa kuyambira ku Ndirande, ukuona ngati ndiyambe ndi kupepesa mawu a galimoto aja okha, za voti n'kuzisiya? Nanga ndikazisiya, ndani atilankhulire?

Pali chinanso cholemera chimene mwina unachiona pa Facebook, chifukwa chinafika dziko lonse. Pa 22 Ogasiti usiku, mtsikana wa zaka 23, Iryna Zarutska, amene anathawa nkhondo ku Ukraine, anabayidwa n'kufa m'sitima ya Blue Line akuchokera kuntchito, chapafupi ndi siteshoni ya East/West Boulevard. Anangolowa, n'kukhala pampando, akuyang'ana foni yake. Siteshoni imeneyo ndimadutsapo kawiri pa tsiku. Kanema wake sindinaonere ndipo sindidzaonera, koma chichitikireni ndimakhala mpando wa kumapeto, msana utatsamira khoma, kuti kumbuyo kwanga kusakhale munthu. Ndimaganiza za mayi ake. Mwana kupulumuka mabomba n'kudzafera ulendo wochokera kuntchito, yunifolomu ili m'thupi. Amayi atamva anandiimbira kuti ndisiye kukwera sitima, ndinangoti chabwino amayi, nanga ndikanawauza chiyani? Nkhaniyi yalowanso m'mkangano wa senti. Ena akuti tisaike ndalama m'sitima zopanda chitetezo, zimene munthu amangolowa popanda geti loonetsa tikiti. Ena akuti ndalamazo ndi zimene zilembe alonda ambiri. Masiku ano alonda akuonekadi, ndipo akumayendera matikiti kuposa kale. Ine ndikamva andale akuponyerana dzina la mwanayu mtima umandiwawa.

Ndadzaza mapepala atatu osakufunsa za iwe. Za mizere ya mafuta ndamva, ndipo zoti minibasi ya ku Bangwe ikumasintha mtengo m'mawa ndi madzulo zandikwiyitsa ngati ndili konko. Koma zoti unayenda wapansi kuchoka ku Limbe mpaka kunyumba sindikukhulupirira, iwe amene unkakwera kabaza kuchoka pa geti la sukulu kupita pa chigayo! Bweretsa mboni. Wafunsa ngati kuno kulinso ma toll gate ngati pa Chingeni. Aliko, pa msewu wa I-77 wopita kumpoto komwe kuja kuli mizere yolipira, ndipo anthu ake amadandaula ngati mmene amadandaulira achimwene ako akamapita ku Ntcheu. Funso lake ndi lomwelo kulikonse, ndalama tapereka, msewu uli kuti? Za chisankho cha pa 16 Seputembala tidzakamba pa foni, pano pepala silikwana. Za maliro a azakhali a Mphatso anandiuza mochedwa, ndinalira ndekha m'chipinda chosinthira zovala kuntchito. Ukapita ukandipepesere, chipepeso nditumiza kutha kwa mwezi.

Ukukumbuka ulendo uja tinakwera sitima pa Limbe kupita ku Balaka ndi agogo ako, tili ndi mtanga wa nkhuku, tinanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa litapendeka? Mzimbe ndi mbatata yootcha tikugulira pawindo, iwe ukulira kuti kachitsotso kakulowa m'diso. Ndinamufotokozera Takondwa tili mu Blue Line Loweruka lina, iye n'kumaseka kuti nkhuku zinalipira tikiti yanji. Mwanayu ndi wa zaka 15 tsopano, msinkhu wandipitirira, ndipo nkhani yake ndi laisensi basi. Anandifunsa kuti, amayi, sitima ya ku bwalo la ndegeyo ikadzatha ine ndidzakhala ndi zaka zingati? Ndinawerenga pa zala n'kupeza kuti mwina adzakhala ndi banja lake. Iye anati ndiye ndi yake, si yanga. Ndinati eya, ndi yako. Koma mumtima ndinkaganiza za inshulansi ya mnyamata wongoyamba kuyendetsa, imene kuno ndi yodula koopsa, ndi kuti basi ikanakhala yodalirika sitikanafuna n'komwe galimoto yachiwiri. Galimoto imodzi imadya pa mwezi zimene senti ija singadye pa chaka. Imeneyinso ndinailemba kuseri kwa lisiti n'kuponya m'chitini.

Kuno kwayamba kuzizira, masamba afiira n'kuyamba kuyoyoka, ndipo makina otenthetsa m'nyumba akulira ngati chigayo cha dizilo. Ndawauza eni nyumba kawiri, akungoti atumiza munthu. Ufa umene tikugula masiku ano sukugwirana bwino, nsima yake imachita phalaphala ngakhale uvundule mpaka mkono kuwawa, ndiye bambo a Chisomo akamadzabweranso usaiwale ufa woyera, ngakhale makilogalamu awiri okha, ndi thelele louma ngati lilipo. Nsalu ija ya mpingo usatumize yofiira, ndinanena ya buluu. Uwauze a Nachisale kuti zithunzi za chinkhoswe sizinatseguke, atumizenso. Ndipo usamuuze Mphatso za chitini cha malisiti, angayambe kuopa kupempha fizi, pomwe imeneyo ndiye sindidzaidula zivute zitani.

Maso akulemera, mawa ndi shifiti ya 7 koloko, kutanthauza kuti 5 koloko ndikhale ndili pa kamtengo kaja. Usipa ndaugawa pawiri. Theka ndaika m'kabati, theka ndakulunga m'nyuzipepala. Lachitatu ndili ofu, ndipo ndayang'ana kale basi yopita ku Matthews, ndi mabasi awiri kuchoka kuno. Ndikuganiza ndingofika osaimba foni, ndigogode, akatsegula ndiwapatse kaphukusiko, ndipo za sitima ndisayambe ine, pokhapokha iwo atafunsa kuti ndayenda bwanji.